Bokosi Limene Sindinajambule

Ntchito yanga ndi kumanga nyumba yopanda njerwa.
Mabokosi, mivi, mizere:
apa mlimi, apa sikelo, apa ndalama,
apa kompyuta yoyenera kulankhula ndi inzake
popanda kukangana.
Mayi anga ku Navutika amauza anzawo kuti ndine mmisiri.
Akafunsidwa kuti wa chiyani, amasintha nkhani.

Lolemba ndinapachika pepala langa pakhoma
mu ofesi ya bungwe la alimi a mtedza, kuseri kwa msika wa Kapata.
Miyezi isanu ya thukuta.
Abwana Njobvu anayang'ana wotchi:
"Zidya zingati, ndipo zitha liti?"
Esnart wowerengera ndalama anafuna muvi wake
unenepe kuposa ina yonse.
Mnyamata wa makompyuta anangomwetulira,
kumwetulira kwa munthu amene anaika kale m'manda mapulani atatu.
Pakona panali mtsikana wa ku yunivesite
wofufuza ngati anthu onga ine timamvana ndi eni ntchito.
"Pa zala zisanu, amakukhulupirirani zingati?"
Ndinatukula zinayi.
Ndinanama.

Lachitatu ndinakwera lole ya ku Vubwi,
fumbi mpaka m'mano.
Ku depoti ndinapeza a Yotamu Soko,
zaka makumi awiri pa sikelo imodzimodzi,
kope lakuda lomanga ndi mphira lili m'thumba la jekete.
Anazondotsa pepala langa, nalitembenuzanso.
"Zokongola, mwanawe. Koma Nadaka ali pati?"

Ndinaloza bokosi lolembedwa Mlimi.
Anapukusa mutu.
"Nadaka amagulitsa pa dzina la malemu mwamuna wake.
Foni ndi ya mlamu wake.
Mlamuyo amamwa.
Ndiye ine ndimamupatsira m'manja, Lachisanu,
mlamu akapita kumpira."

Ndinayang'ana muvi wanga uja wowongoka,
wochoka ku banki kulunjika pa foni,
muvi umene ndinaunyadira pamaso pa abwana.
Ndinauona ukuthera m'botolo.

Anandibwereka kopelo usiku umodzi wokha.
Magetsi atathima ku Chipata
ndinaliwerenga ndi tochi ya foni:
amene anakongola mbewu maliro atagwa,
amene thumba lake limalemera ndi mchenga,
mlatho umene umamira mu Febuluwale,
chulu cha kuseri kwa sukulu pamene netiweki imapezeka
ukaimirira ndi mwendo umodzi.
Zonse m'zilembo zopendekeka za pensulo,
palibe muvi ngakhale umodzi.

M'mawa mtsikana wa kafukufuku anaimba foni,
akuti watsala ndi funso lomaliza.
Ndinamuuza adikire, funso lake loyamba lija
linayenda chafutambuyo.
Pepala langa lili pansi, ndagwada pamenepo,
ndajambula bokosi latsopano pakati penipeni
ndipo sindikudziwa dzina loti ndilembemo.
Lole inyamuka seveni koloko.
A Soko akufuna kope lawo sikelo isanatsegulidwe.