Mmero wa Injini

Ku Lubbock, m'galaja ya Rosalva Quintanilla,
mphepo ya Januwale ikulowera pansi pa chitseko
itasenza fumbi la m'minda ya thonje.
Pathebulo pagona mitu iwiri ya injini.
Wina wachitsulo, wolemera ngati ngongole,
wochokera m'galimoto ya malemu bambo ake.
Wina wa aluminiyamu, wafika dzana m'katoni,
mabowo ake oti nkhonya ya khanda n'kulowa.

Wendell, mwini galimoto, akufuna akulitsidwenso.
Akuti bowo likakula, mphamvu nayo ikula.
Rosalva ali duu. Walowetsa chala m'mphako,
akupapasa pokhota paja
pomwe njira imagwada kulunjika ku valavu.
Mpweya ndi mlendo wovuta, akutero pomaliza.
Ukaupatsa bwalo umangozungulira,
ukauthinitsa umatsamwa.

Watenga wa aluminiyamu.
Wa bambo ake wausiya pomwepo, chagada,
kuti aziona kabowo kochepa ngati njere ya mpiru
pomwe nkhalambayo, usiku wina itatopa,
inapala mopyola n'kuboola njira ya madzi.
Miyezi itatu ya thukuta inathera pamenepo.
Safuna mphunzitsi wina.

Galaindala yayamba kulira ngati udzudzu wa m'khutu.
Tizitsulo tonyezimira tikumata m'nsidze,
m'khofi wozizira, m'makwinya a dzanja.
Apala pang'ono, aleka.
Ayeza pamakina okoka mpweya.
Alowetsa kaulusi komangirira kuwaya:
kakavinavina, ndiye kuti mpweya wasokera,
kakagona myaa, njira yapezeka.
Alemba nambala pakhoma ndi pensulo:
312. Mawa lake 318.
Lachinayi yabwerera pa 309,
ndipo atukwana m'Chisipanishi cha agogo ake.

Kotulukira utsi akupukuta mpaka kuwale ngati kalilole.
Kolowera akusiya kokhakhala dala,
kuti petulo asaundane madontho pakhoma.
Mimero isanu ndi itatu,
yonse imeze mofanana,
pasakhale wodya chambiri, pasakhale wogona ndi njala.
Chimene wachotsa sichibwerera.
N'chifukwa chake dzanja lake ndi laumbombo.

Epulo. Msewu wa mpikisano ukununkha labala wopsa.
Wendell wamangidwa malamba, magetsi akutsika,
achikasu, achikasu, obiriwira,
nthaka yanjenjemera mpaka m'mano.
Anthu onse aimirira kuti aone.
Rosalva yekha wafulatira, watsinzina,
akumvera ndi chifuwa.

Dzinja lonse lapsa m'masekondi asanu ndi anayi.

Wendell akubwera akukuwa, chipewa m'mwamba,
kapepala ka nthawi kakunjenjemera m'manja.
Iye akupukuta zala pansanza,
maso ali pa injini yomwe ikuthetheka pozizira.
Wachisanu ndi chimodzi uja, akutero,
ukadali ndi kachifuwa.
Ubwere nayo Lolemba.