Singano Isanagone

Ku Luwinga, m'mawa wa Juni, chifunga chimalowa m'mafupa,
komabe kuseri kwa fakitale ya mkaka
kuli makina opanga kuzizira kwinanso,
ndipo ife atiitana kudzaika mita
kuti abwana adziwe kuzizirako kukudya ndalama zingati.

Paipi yake ngati ntchafu ya ng'ombe,
yofunditsidwa bulangete lakuda.
Ukalivula, chitsulo chimachita thukuta.
Dontho, dontho, pasimenti,
pomwe paponda miyendo ya makwerero.

A Luhanga, amene anandigwiritsa sipanala koyamba,
ali ndi diso limodzi loona.
Linalo linatsala ku Dwangwa chaka china,
tsiku lomwe bawuti inauluka ngati mwala wa legeni
munthu atalumbira kuti watseka valavu.
Sakonda kuzikamba.
Amangonditambasulira loko wofiira:
"Chawanangwa, khoma wekha.
Kiyi m'thumba mwako, osati mwa mnzako,
ngakhale mwanga."

Ndinakhoma, kumtunda ndi kumunsi.
Ndinazimitsa pampu, dzina langa n'kulipachika paswichi.
Manja ndinapukuta kawiri,
poti madzi ndi magetsi ndi munthu ndi mpongozi wake,
sakhala mphasa imodzi.

Kenaka kudikira.
Singano ya geji ili njo, yosafuna kugona.
Kapitawo Mwafulirwa maso ali pafoni:
"Mkaka wa alimi a ku Doroba ukufunda m'thanki.
Ukasasa mulipira ndinu?
Masulani, madzi ozizira saluma."

Saluma?
Ine zala zinali zitachita kale dzanzi m'magolovesi,
sipanala ndikuiona koma osaimva.
Ndinaikola pabawuti yoyamba,
manyazi akundikankha kumsana,
mtsikana yekha pakati pa amuna asanu.

"Tsika."
Mawu amodzi okha.
A Luhanga anagogoda geji ndi chikhadabo,
natsegula kampopi kotayira.
Madzi fwaa! Mphindi zisanu, khumi,
osatopa, osachepa,
mpaka anayamba kunyambita chingwe cha magetsi
chomwe wina anachisiya pansi dzulo.
Valavu yakumtunda inali itadyeka mkati,
chogwirira chikuti ndatseka,
mtima wake uli pululu.

A Mwafulirwa anakweza chingwe ndi mtengo wa tsache,
osayang'ana munthu kumaso.

Mita inabwerera m'katoni mwake.
Tinamasula maloko, pampu inabangula,
mkaka unazizira, sunasase.
Valavu yatsopano akuti ichokera ku Lilongwe Lachinayi,
kapena Lachinayi linalo.

Madzulo, panjinga ya sakaramento yopita ku Chibavi,
mvula yowaza ikundilasa m'makutu,
ndinkapinda zala ndi kuzitambasula,
kumva magazi akubwerera ngati linthumbwi.
Pakhomo Tapiwa anandilandira chikwama:
"Amama, lero mwamanga chiyani?"
Ndinati palibe.
Anakwinya nkhope, napisa m'thumba la ovolosi kufuna switi,
n'kutulutsa loko wofiira, kiyi ali pakamwa pake,
wozizirabe.