Nyenyezi Zitatu, Kutero Wolumikiza Mafupa

Ndinakaionera ku Mong Kok Lachiwiri usiku,
tikiti yotchipa, mpando wonunkha fodya wa dzana.

Nkhani yake ndi yaifupi ngati mpeni:
amuphera mlongo wake,
iye akwera nyumba yosanja kakhumi,
nsanjika iliyonse chibakera, chigongono, magalasi kuti phwaa!
Magaziwo ndi okongola, ndisaname,
ofiira ngati nyali za msika wausiku,
akudontha mwaulesi mumvula yochita kupopera,
suti yoyerayo osathimbirira n'pang'ono pomwe.

Koma ine ndimalumikiza mafupa ku Yau Ma Tei.
Uja anagubuduzika pamasitepe,
wopanda dzina, wopanda liwu,
ndi Tsang Wai-keung. Bondo limenelo ndalimanga kanayi.
Anthu anaomba m'manja.
Ine ndinangomva thyoo,
zala zanga n'kuyamba kufufuza mankhwala m'thumba.

Wobwezerayo atafika padenga anapha,
kenaka anakhala pansi, kusowa kolowera.
Apo pokha ndi pamene ndinaikhulupirira filimuyi.

Nyenyezi zitatu.
Yachinayi ndasungira Wai-keung.
Abwera Lachisanu, akutsimphina,
kudzandifunsa ngati anagwa bwino.