Kabati ya Bambo Kemppainen

Ola lachitatu masana, ku Oulu kwada kale.
Chipale chofewa chaunjikana pazenera la wodi,
ndipo bambo Kemppainen akulimbana ndi mpando.
Agwira maondo, akankha, adzuka pang'ono,
abwerera pomwepo, khu!
Munthu wogubuduza mitolo ya mapepala kufakitale zaka makumi atatu,
lero supuni ikumulemera.

"Dotolo, miyendo iyi si yanga.
Wina wandisinthira usiku."

Mnofu sunena chimene chaulakwira. Umangokana.
Ndiye timafunsa oyandikana nawo:
kodi mtsempha wadula lamya panjira?
Kodi ndi msana? Kapena chithokomiro chagona pantchito?
Ndagogoda bondo ndi kanyundo,
layankha monyinyirika ngati mwana wodzutsidwa mamawa.
Ndabaya chala ndi kasingano. "Mwamva?"
"Ndamva. Usabwereze."
Kumva kulipo. Yasamuka ndi mphamvu.

Ndinaloza chala mapiritsi ochepetsa mafuta m'magazi,
paja amenewo timathamangira kuwaimba mlandu,
koma iwo sanamezepo ndi limodzi lomwe.
Mowa anausiya chaka chimene anaika mkazi wawo m'manda.
Pakhungu palibe zidzolo, thupi silikutentha.

Pepala lochokera kulabu lafika madzulo:
potaziyamu watsikiratu,
pomwe magazi akuthamanga ngati akuthawa moto.
Sakusanza. Sanatsegule m'mimba.
Mankhwala okodzetsa sakuwadziwa n'komwe.
Nanga mcherewu ukudontha pati?

Dokotala Hyvönen, mkulu wanga, wavula magalasi:
"Wawafunsa za mankhwala. Wawafunsa zimene amadya?"
Ndaweramitsa mutu. Safunsa anadya phula.

Koma si ine amene ndinapeza.
Ndi Sirkka, namwino wa usiku,
akusaka batire la kachipangizo kawo ka m'khutu.
Wakoka kabati ya pambali pa bedi, waaa!
timapaketi mbwee pansi,
maswiti akuda aja a salimiyaki,
amchere, oluma lilime, amene kuno timakula nawo.

"Fodya ndinasiya mu Okutobala," atero, maso ali kudenga.
"Pakamwa panasowa chochita.
Awiri patsiku. Lamlungu atatu, chifukwa nyumba imakula."

Impso zinangomvera zimene zinauzidwa,
n'kumataya mchere wa minofu mumkodzo, tsiku ndi tsiku,
mwakachetechete ngati mpopi wosatsekedwa bwino.

Diripi ikudontha. Makina a mtima akulemba mizere yawo.
Tsiku lachinayi ayima okha,
afika pazenera chogwira khoma,
ayang'ana basi ikukhota pachipale.

"Ndiye ndizitafuna chiyani tsopano, mwanawe?"

Za chithokomiro ndinaloweza,
mayina a mitsempha ndingawatchule ndili m'tulo,
koma funso ili silinabwerepo pamayeso.
Ndapisa dzanja m'thumba la jasi langa loyera,
ndakhudza kapaketi kanga, katheka,
ndakakankhira pansi kuti kasalire.