Ndinagwira Chikwama

Pa mlatho wa Likangala, tikuweruka kusukulu,
Fanuwelo anandipatsa chikwama chake cha mabuku.
"Tagwira kaye, aise."
Ndinagwira.
Ndi chokhacho chimene ndinachita tsiku limenelo,
koma mpaka lero phewa likundiwawa.

Raziya tinkamutcha kamwenye.
Mayi ake ankagulitsa zitumbuwa pageti la chipatala.
Bambo ake tinkangomva kuti ali ndi sitolo ya malata ku Limbe
ndi ana ena, amene amawatchula pagulu.
Kumeneko ankati wada, alowere khomo lakuseri.
Kuno tinkati wayera, n'chifukwa chake amadzimva.
Iye ankangokhoza masamu
pa desiki yapakona, pomwe denga limadontha.

Atamulola Fanuwelo tili folomu 3
tinamunyamula mnzathuyo ngati wagoletsa chigoli.
"Wagwetsa mkaladi!"
Sindikhulupirira kuti ankadziwa n'komwe
kuti mtsikanayo amaopa agalu,
kuti amalemba ndi dzanja lamanzere.
Chachikulu chinali kuyenda naye mumsika, anthu aone.

Kenaka foni.
"Wakuimbira ndani? Bwanji unachedwa kuyankha?"
Kenaka juzi ya manja aatali mu Okutobala,
dzuwa likuswa mtengo,
maluwa a jakaranda ali mbwee m'misewu ya m'tauni.
A Namakhwa, otiphunzitsa za ulimi, ataona diso lotupa anati,
"Atsikana mumaziyamba dala. Makamaka oyeranu."
Kalasi inaseka.
Nanenso ndinaseka, mochedwerapo pang'ono.

Mlandu wa pa mlatho unali wa kabaza.
Akuti anagwira m'chiuno mnyamata wa ku Chikanda
njinga itadumpha pa bampu.
Khofi loyamba linamveka ngati thabwa lagwa pa simenti.
Lachiwiri sindinalione,
ndinali kuwerenga zipi za chikwama.
Zinali zitatu, imodzi yothyoka.
Amayi ochapa kumunsi anadzutsa mitu n'kubwerera ku zovala.
Bambo wa makala anati, "Zachibwenzi izo, salowerera."
Raziya sanalire.
Anatola bolopeni yake m'fumbi n'kuyang'ana ine.
Osati iyeyo. Ine.

Madzulo Fanuwelo anagula sitiroberi za ku Chawe
n'kundituma ndikapepese.
Ndinapita.
Mayi ake anandipatsa mpando, anandipatsa madzi,
"Ndinu mnzake waulemu uja?"
Ndinati eya.

Mayeso a folomu 4 sanalembe nafe.
Ena amati ali kwa azakhali ku Liwonde,
ena amangokweza mapewa.
Desiki ija anaichotsa, mvula itaiwoletsa.
Phiri limavala nkhungu m'mawa uliwonse
ngati nalo silinaone kanthu.

Mlongo wanga Ndaziona wayamba kubisa foni pansi pa pilo.
Akaseka yekha usiku, mimba imandiwotcha.
Ndimayang'ana manja a malaya ake tikamadya.

Tsopano Fanuwelo ali ndi wina wa ku Matawale,
wamng'ono, wa mpata m'mano.
Dzulo kuseri kwa depoti anamukokera pambali,
n'kunditambasulira chikwama chomwe chija.
"Tagwira kaye, aise."

Manja anga anakhala m'thumba.
Chikwama chinagwa, mabuku n'kumwazika m'matope.
Ndinati, "Musiye,"
mawu aang'ono, onjenjemera,
oti minibasi yoitanira ku Blantyre inawameza.
Ndinanenanso kachiwiri.

Raziya, kumene uliko,
sindikupempha kanthu.
Ndangoti udziwe kuti zipi ija sanaikonzebe,
ndipo ine sindiwerenganso.