Mwala wa Ruvimbo

Ndalowa ndi kaulusi kofiira m'thumba,
kamene ndinayezera chala chake
atagona paphewa langa mu kombi ya ku Mufakose.

Sitolo ili kuseri kwa First Street.
Mlonda wayamba wayang'ana nsapato zanga,
nkhope pambuyo.

Mayi Chikomo atulutsa thireyi.
Madayamondi akuphethira onse pamodzi,
koma mwini wake ananena kale,
tikukukuta chimanga chootcha pa Copacabana:
"Zoyera mbee n'za kuchipatala.
Ine ndimafuna mtundu wa dimba la amayi
mvula itangokata."

Ndaloza kobiriwirako,
kochepa ngati njere ya mphodza.
"Emeraldi," atero, n'kundipatsa kagalasi.
Ndatsinzina diso limodzi.
M'katimo muli ming'alu, timizere,
ngati mizu ya udzu pansi pa madzi.

"Ndi wosweka uwu."
Aseka. "Wopanda chilema ndi botolo, mwanangu.
Uwu unapsa pansi pa nthaka.
Kungoti sukonda kugundidwa."

Ndakumbukira miyezi itatu ija sitinkalankhulana,
ndi malume ake aja
amene amanditchulabe Mubhurandaya
ngakhale mchombo wanga unakwiriridwa ku Mbare.

Ndayala madola okwinyika pa kauntala,
a chaka chathunthu ndikuwotcherera mageti ku Siyaso,
ena akununkhabe chitsulo.
Akwana. Yatsala ya kombi basi.

Panja jakaranda akuyoyoka pamagalimoto.
Kabokosi ndakabisa m'sokosi,
ndikuyenda motsimphina ngati wolasidwa ndi minga.
Ndafika kale pa maloboti
pamene ndakumbukira kaulusi kaja.

Ndabwerera kukakatenga.