Thumba la Kumanzere

Pakhonde la sitolo ya a Mukhiwa pa Chitakale,
pakati pa wotchaja mafoni ndi mayi wa nanazi,
m'pamene pali ofesi yanga:
tebulo la miyendo itatu, wachinayi ndi njerwa,
lezala, zitini zinayi za penti,
chidutswa cha patapata chokokera utoto,
ndi mapepala akuda a ekisireyi
amene msuweni wanga amanditolera kuchipatala.
Ndimasema zilembo pa nthiti za anthu osawadziwa
kuti ndikazidinde pa nthiti za ena.

Kumsana sindijambula,
kumeneko n'kwa a zipani ndi a mpira.
Munda wanga ndi kathumba ka pachifuwa,
kadimba kosakwana chikhatho,
kumene ndalama imangogona usiku umodzi
n'kulawira m'mamawa.

Wakabaza amafuna nambala yake ya foni,
ati akweze asamavutike kufunsa.
Atsikana othyola tiyi amafuna masamba awiri ndi kamphukira,
obiriwira kuposa a kuesiteti,
oti kapitawo sangawayike pasikelo.
Mnyamata wonyamula zikwama za alendo kuphiri
anati ndimuyikire Sapitwa, mtambo uli pamutu;
ndinamuyikira, mtambowo unachita ngati mbatata,
koma analipira.

Tsono Lachinayi lina chiperoni chitagwira,
phiri lonse litafunda bulangete,
anabwera a Namakhwa, mlonda wa kufakitale,
tisheti yotuwa ya pakaunjika ili m'khwapa.
Anatulutsa pepala lothothoka m'kope,
lopindidwa mpaka kufewa ngati nsalu.
Pamenepo, ndi pensulo: Eneresi.
"Analemba yekha ali Sitandade 2.
Mulembe momwemo.
S wapendamayo musamuwongole."
Sindinafunse.
Kuno tonse timadziwa chaka chimene madzi anatsika ndi miyala,
timadziwa amene amayenda ndi mapepala otere.

Ndinasema pang'onopang'ono, zala zitauma gwa,
lezala ikutsata dzanja la mwana,
pamene anatsindika, pamene pensulo inaterereka.
Ndinayala tisheti, n'kulowetsa katoni m'thumba,
penti wofiirira, patapata, kwee kamodzi,
kwee kachiwiri.
Nditanyamula pepala, mtima unangoti phwii.
Ndinali nditaliyala chagada.
Dzina linayambira kumanja kupita kumanzere,
zilembo zonse zitafulatira msewu.

Penti sadziwa pepani.
Ndinati bambo, ndalakwa ndine,
Loweruka ndikwera ya ku Limbuli, ndikagula ina,
iyi muyiwale.

Iwo anangoti duu, maso pathumba.
Lole ya tiyi inadutsa, n'kutisiyira fungo la masamba onyowa.
Mayi wa nanazi anasiya kusenda.
Kenako anavula jekete pamphepo yonse ija,
navala tisheti penti asanaume,
chibwano pachifuwa, akuyang'ana pansi.

"Isiyeni.
Apamsewu awerengeranji?
Wowerenga ali m'katimu."
Anagogoda ndi chala pambali pa thumba,
mosamala, kuopa kufufuta.

Ndinakana ndalama, iwo anakana kukana kwanga.
Anasiya makwacha opindika pansi pa chitini cha penti,
pepala lija n'kulibweza kwawo kwatsopano,
kuseri kwa dzina,
n'kuwoloka msewu jekete ili m'manja,
mvula ya nyenyenye ikuwanyowetsa mapewa.

Pepala la ekisireyi lija sindinalitsuke.
Lili pamsomali, pamwamba pa zitini.
Dzuwa likatulukira ku Muloza
limaboola zilembo zisanu ndi ziwirizo
n'kuzigwetsa pakhoma la a Mukhiwa,
tsiku lina molunjika, tsiku lina chagada,
malinga ndi mmene mphepo yalitembenuzira.

Madzulo ake wakabaza anabwera akutukwana,
ati seveni wanga akuoneka ngati wani,
sabata yonse akweze ake akuyimbira mzimayi wa ku Luchenza.
Ndinamukonzera ulere.